Mafuta a Usiku a Amake Vanessa

Ukwati wa mwana wawo Vanessa unali Loweruka likudzalo, ndiye a Eliness atafika kwawo ku Mbungo, pachilumba pano, kuchokera kwa telala ku Chipyela, thukuta lili kamukamu, sanamwe ndi madzi omwe, analunjika kusutikesi kukafukula kabotolo ka mafuta ochotsa makwinya kamene Vanessayo anawatumizira pa Pasaka iwo n'kukakana mwamwano. Anakapeza mafuta atatsala pansi penipeni, pamene amuna awo a Mathias, msodzi wa usipa amene satha kunama ngakhale bodza lopulumutsa khosi lake, anali phee pabalaza akusoka ukonde, makatani onse ali otseka masanasana.

"Bambo a Vanessa."

"Ndili pano."

"Kabotolo aka ndinakasiya kodzaza."

"Eya, kanali kodzaza."

"Lero mafuta ali apa." A Eliness analoza ndi chikhadabo kumunsi kwa botolo.

A Mathias anasuzumira. "Eya, ali pamenepo."

"Ndiye?"

"Ndiye mwaona bwino. Maso anu akadali akuthwa."

"Sindikufunsa za maso anga! Wamaliza mafuta anga ndani?"

"Ine."

"Ndati ndani?"

"Ine, Mathias."

A Eliness anaseka chiseko chouma. "Inu? Inu amene mumasamba ndi sopo wochapira zovala? Inu amene mumati kudzola ndi kwa anthu a m'maofesi? Musandipusitse, ndakula ine. Munapatsa ndani?"

"Sindinapatse munthu."

"Eleanor wa ku Khuyu."

"Watani Eleanor?"

"Ndamuona pamsika lero, nkhope ili phuliphuli. Mkazi wamasiye ameneuja akuwala chifukwa chiyani?"

"Mwina ndi thukuta. Anthu a ku Khuyu amayenda pansi."

"Mumalankhula naye?"

"Amagula usipa."

"Basi?"

A Mathias anaimitsa singano n'kuganiza kaye, poti munthuyu safuna kusiya choona chilichonse kumbuyo. "Tsiku lina anandifunsa za nkhope yanga."

"Ehe! Zayamba kutuluka. Anati chiyani?"

"Anati, 'A Mathias, masiku ano mwasalalatu, mukudya chiyani?' Ine ndinati si zakudya ayi, ndi zopaka, bwerani kunyumba madzulo ndidzakusonyezeni."

"Mayo ine! Munamuitanira m'nyumba mwanga?"

"Ndinaganiza kuti mukaona mnzanu akuphunzira, nanunso mungasendere pafupi."

"Ndiye anabwera?"

"Ayi. Anandimenya ndi dengu, akuti ndine nkhalamba yopanda manyazi. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinamulakwira."

A Eliness anagwira m'chiuno. "Taimani kaye. Ndisendere pafupi kudzaphunzira chiyani?"

"Kapakidwe kake. Si Vanessa anandituma?"

"Anakutumani chiyani?"

"Mutakana kabotoloko, muja munati nkhope yanu si khonde loti muzilizila, anandiimbira foni. Anati, 'Adadi, amayi ndi amakani. Inu muziwasonyeza mmene amapakira mpaka adzavomere.' Ndiye ndakhala ndikukusonyezani."

"Liti? Ine sindinaonepo kanthu!"

"Madzulo, ndisanapite kunyanja. Ndimaika mpando wanu apo, kalilole apa, n'kukuitanani: 'Amake Vanessa, tabwerani mudzaone.' Inu muli kukhitchini mumayankha kuti chiyani?"

A Mathias anadziyankha okha.

"Mumati, 'Yambani, ndikubwera.'"

"Ine ndimayesa mukufuna kundionetsa ukonde wong'ambika!"

"Ndiye ine ndimayamba."

"Popanda ine?"

"Mumati ndiyambe."

"Tsono mumasonyeza ndani?"

"Mpando."

"Mpando! Chiyambire Pasaka mukuphunzitsa mpando?"

"Ndimati mwina mufika ndili pakati. Ndikamaliza ndimadikira pang'ono, kenako anzanga amandiitana kubwato."

"Bodza limenelo. Mwamuna wamkulu ngati inu simungadziwe kupaka zinthu za atsikana. Tanenani, amapaka bwanji?"

Apa a Mathias anaika ukonde pansi n'kuimirira, manja kumbuyo, ngati mwana wa kalasi ya ubatizo.

"Dzina lake ndi retinolo, koma Vanessa amati seramu. Choyamba usambe kumaso, udikire pauma. Kenako kadontho kamodzi kofanana ndi njere ya nandolo." Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa njere imodzi youma. "Yoyezera ndi iyi."

"Mumayenda ndi nandolo m'thumba?"

"Kuti ndisapyole muyeso. Ndiye pamphumi, patsaya ili, patsaya ili, pachibwano. M'maso ayi, pamilomo ayi. Poyamba osati tsiku ndi tsiku, uzidumphitsa, khungu lizolowere. Usiku wokhawokha. Ndipo wapakati asapake."

"Pamenepo inu munatani?"

"Ndinadziyang'ana bwinobwino. Ndinaona kuti ndilibe."

A Eliness anawayang'anitsitsa kumaso. Kenako anakoka katani. "Tabwerani kuno pawindo ndikuoneni."

"Padzuwa ayi."

"Ndati bwerani!"

"Vanessa anati dzuwa ayi." A Mathias anakangamira mwendo wa tebulo.

Ndiye a Eliness anasiya katani, anapita okha, n'kuwagwira chibwano monga amagwirira mbuzi pamsika. Anawatembenuzira uku, anawatembenuzira uko, n'kusisita tsaya ndi kuseri kwa dzanja. Ine wofotokozane ndinene zoona, ngakhale zikundiwawira m'malo mwa mayiyu: tsayalo linali lofewa. Madontho akuda aja anali atazilala, ndipo mizere ya pamphumi imene anthu a ku Mbungo anaizolowera chikwatire awiriwa inali itatsala ya manyazi chabe.

"Makwinya anu ali kuti?"

"Ena alipo. Onani apa, pafupi ndi khutu."

"Ndikufunsa aja akuluakulu aja!"

"Anayamba kuchoka nthawi ya mwera. Sanatsanzike."

"Zatheka bwanji? Akazi a m'tauni amapaka zimenezi chaka chathunthu osasintha, inu msodzi wonunkha usipa mwasalala chonchi?"

"Vanessa anati mdani wake wamkulu ndi dzuwa. Nanga ine dzuwa ndimaliona kuti? Usiku ndili pabwato ndi nyali kukopa usipa, kukamacha ndafika kale kunyumba, masana ndagona. Anatumizanso mafuta ena oteteza ku dzuwa, koma amenewo anagwa m'madzi ndikutsika m'bwato. Ndiye ndimangolithawa. Kuchimbudzi ndimapita ndi ambulera."

"Ambulera iti?"

"Yanu yamaluwa ija."

"Ambulera imene ndinakanganirana ndi amayi a kwaya, ine ndikuti anaiba kutchalitchi?"

"Ili kuseri kwa chitseko. Simunandifunse."

A Eliness anadzigwetsa pampando, mpando womwe uja wophunzira, n'kuvula nsapato imodzi. Sanawagende nayo. Anangoigwira.

"Mukudziwa chimene wandiuza telala lero?"

"Ayi, ine ndinali kuno."

"Telala watsopano uja wochokera ku Mzuzu. Wandiyeza diresi, wamaliza, ndiye akuti, 'Mama, mukamuuze mwana wanu wamwamuna uja anabwera sabata yatha kuti suti yake yatha.'"

"Yatha? Zikomo kwambiri. Waika mabatani angati?"

"Bambo a Vanessa!"

"Ndinamuuza kuti aike atatu."

"Wati ndinu mwana wanga!"

"Walakwitsa. Mayi anga anamwalira."

"Ndikudziwa kuti anamwalira, ndine ndinawasambitsa! Ndikunena kuti pamaso pa anthu, pasitolo yodzaza, munthu wanditenga ine ngati mayi wa mwamuna wanga. Atsikana ogulitsa mandasi pakhonde paja anachita kubisa nkhope m'zitenje."

"Munamuuza kuti ndine wamkulu kwa inu?"

"Ndinamuuza!"

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Mama, ndinu oseketsa.'"

A Mathias anapukusa mutu mwachisoni. "Ndipita ndi chiphaso changa akaone tsiku lobadwa."

"Chiphaso chanucho mudzachipachika pakhosi tsiku la ukwati? Amake Dean, asewere athu a ku Lilongwe aja, munawaona pafoni?"

"Ndinawaona. Ndinayesa ndi mlongo wake wa Dean."

"Mwaona! Akutsika m'sitima Loweruka lomwelo ndi nkhope yawo yosalala ija. Ndiye pakhomo la tchalitchi chachikulu, pojambulitsa, uku kuli mayi wooneka ngati mtsikana, uku kuli bambo wooneka ngati mnyamata, pakati pali ine. Anthu adzati gogoyu amutola kuti?"

"Adzadziwa. Chilumba chonse chimakudziwani."

"Alendo a ku Lilongwe sandidziwa! Chithunzi chimenecho chidzapachikidwa m'nyumba ya mwana wanga mpaka zidzukulu." Anaimirira n'kutsegula kabotolo. "Basi. Otsalawa ndipaka ine. Onse. Pompano."

A Mathias, amene sathamanga ngakhale bwato likamachoka, anadumpha n'kutseka kukamwa kwa botolo ndi chala chachikulu.

"Ano ndi masana."

"Chotsani chala."

"Vanessa anati usiku."

"Makatani mwatseka kale, m'nyumba muno muli mdima. Ndi usiku umenewu."

"Umenewu ndi mthunzi."

"Inu mukamagona masana simumati ndi usiku wanu?"

"Ndi tulo tanga. Usiku ndi wa tonse, umabwera dzuwa likalowa."

"Chabwino, ndidikira lilowe, ndipake onse."

"Njere imodzi ya nandolo."

"Ukwati uli Loweruka, bambo inu! Njere imodzi ichita chiyani? Ndipaka dengu lonse la nandolo!"

"Musendeka."

"Ndisendeke! Mankhwala osaluma sachiza."

"Mwaiwala zimene zinandichitikira itangotha Pasaka?"

"Zinakuchitikirani zotani?"

"Ndisanapeze njere yoyezera ndinkayeza ndi maso. Tsiku lina dzanja linalemera. Nkhope inatentha ngati ndapaka tsabola, kenako inayamba kusendeka ngati chinangwa chovuuka."

A Eliness anatsitsa botolo pang'onopang'ono. "Chija sichinali chipere?"

"Sichinali."

"Ine ndinakupatulirani mbale yanu ndi chopukutira chanu! Ndinakuletsani kupita ku Misa! Ndinauza amayi a Umodzi a kutchalitchi kuti akupempherereni!"

"Anapemphera bwino. Chinatha."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Ndinati, 'Amake Vanessa, ichi si chipere.' Inu munati, 'Khalani chete, odwala salankhula.'"

Panja nkhuku inali kutokosa pansi pa thandala, paja amayanika usipa, ndipo a Eliness mwachizolowezi anaikalipira kudzera pawindo asanabwerere kunkhondo yawo.

"Ndiye mukuti ndikapaka onse, Loweruka ndidzakhala bwanji?"

"Ngati mmene ndinalili ine. Mwina kuposa, poti inu mumakhala padzuwa."

"Ndikhala m'nyumba."

"Usipa ayanika ndani?"

"Uwole!"

"Chinangwa chili m'madzi chija akavuula ndani? Alendo adya chiyani?"

"Adye nkhope yanu yosalalayo!"

"Sizingatheke. Ndi anthu ambiri."

"Ha! Ambuye, ndinalakwanji ine? Chabwino, ndipaka njere imodzi usiku uno, ina mawa, ina mkuja. Pofika Loweruka ndikhala nditasalala pang'ono."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Simukhala mutasalala. Vanessa anati zimatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe mwana wokwatiwa Loweruka!"

"Mukayamba lero, mwina pofika Khirisimasi."

"Khirisimasi!"

"Ndimuimbire Vanessa asunthe ukwati?" A Mathias anali atatulutsa kale foni. "Ndimuuza kuti amayi ako avomera kupaka, koma akupempha kuti udikire mpaka Khirisimasi."

"Ikani foniyo pansi ndisanaiponye m'nyanja!"

"Akanasangalala kumva kuti mwavomera."

"Sindinavomere kanthu! Ine nkhope yanga ndimaikonda mmene ilili."

"Ndiye palibe vuto. Bweretsani kabotoloko, madzulo ano ndi tsiku lopaka."

"Mukufuna mupitirize? Mufike pooneka ngati mdzukulu wanga?"

"Vanessa anati mpaka mudzavomere. Mwangonena kumene kuti simunavomere."

A Eliness anabisa kabotolo m'chitenje, pachifuwa, malo amene a Mathias ngakhale ali amuna awo sangapisepo dzanja popanda chilolezo. Kenako mawu awo anatsika, ndipo apa ine wofotokozane nthabwala inandithera pang'ono, chifukwa mayiyu mtima unali ukumupweteka zenizeni.

"Mukudziwa kumene ndinawatenga makwinya amenewa?"

"Ukalamba."

"Pathandala paja. Inu mukabwera ndi usipa mumangotula n'kukagona. Amene amauyala, kuutembenuza, kuthamangitsa akhwangwala dzuwa lili paliwombo ndi ndani? Vanessa anaphunzira sukulu ndi usipa umene unauma pamodzi ndi nkhope ino. Tinkakalamba limodzi bwinobwino, ine sindinadandaulepo. Ndimati ndikayang'ana inu, ndaona kalilole wanga. Lero mwandithawa, mwandisiya ndekha ku ukalamba."

A Mathias anakanda kumutu. Zinawakhudza, koma munthuyu chisoni chimamufikira ngati ntchito yofuna kukonza.

"Tikhoza kusinthana."

"Kusinthana chiyani?"

"Inu muzipita kunyanja usiku ndi nyali, masana muzigona. Mafutawa amagwirizana ndi ntchito imeneyo."

"Ine pabwato? Ndi mawondo anga awa? Ndi amuna asanu ndi atatu onunkha fodya?"

"Amaimba bwino."

"Ndiye ndikatero ndisalala pofika Loweruka?"

"Ayi. Khirisimasi yomweyo."

"Nanga mukundiuziranji?"

"Munafunsa."

"Sindinafunse!"

"Ndikhoza kuima kumbuyo pachithunzi. Kapena kuyang'ana kumbali."

"Bambo wa mkwatibwi kuyang'ana kumbali ngati wakuba?"

"Kapena ndikwinye nkhope, chonchi." Anakwinya. Tsoka ilo, atangosiya, mphumi inabwerera mwakale, see, ngati nsalu yositidwa.

"Taonani! Ngakhale kukwinya sikukugwira!"

"Pepani."

"Pepani wanuyo ndipita naye kuti?" A Eliness anayenda kukafika kuchitseko, anabwerera, anayendanso. Mwadzidzidzi anaima. "Tanenaninso zija anakuuzani Vanessa za dzuwa."

"Anati ndi mdani wake wamkulu."

"Limachita chiyani?"

"Anati munthu wopaka mafuta amenewa khungu lake limakhala lanthete. Akakhala padzuwa popanda chodzitetezera amapsa msanga, madontho akuda amabwerera, ntchito yonse imapita m'madzi."

"Msanga bwanji?"

"Anati sizichedwa n'komwe. N'chifukwa chake ndimasamala."

"Sizidikira Khirisimasi?"

"Ayi, kukonza ndiko kumachedwa. Kuwononga ndi kwa masiku ochepa."

"Masiku ochepa," anatero a Eliness, mofatsa kwambiri. Anamwetulira koyamba chifikireni, ndipo mwamuna wina aliyense wa pachilumba pano akanaona kumwetulira kumeneko akanatulukira pawindo. A Mathias anamwetulira nawo.

"Mwasangalala?"

"Kwambiri. Bambo a Vanessa, mumandikonda?"

"Ndinalonjeza paguwa."

"Munalonjeza kuti chiyani?"

"Pamtendere ndi pamavuto."

"Pamodzi?"

"Pamodzi."

A Eliness anakankha chitseko mpaka chinagunda khoma. Dzuwa la masana linalowa m'nyumba lonse lathunthu, ndipo a Mathias anabisala kuseri kwa ukonde, umene mwatsoka ndi wobowokabowoka.

"Tulukani. Usipa uli pathandala ukufuna woutembenuza, lero, mawa, mpaka Lachisanu."

"Koma Vanessa anati..."

"Vanessa sanalonjeze kanthu paguwa, munalonjeza ndinu. Ine sindingakupezeni ku unyamata pofika Loweruka, ndiye inuyo bwererani kuno ku ukalamba mudzandipeze."